Kodi kompyuta imapeza bwanji majini a matenda a celiac?

Mayi wa ku Luchenza: Mwana wa mchemwali wanga amene amakhala ku Johannesburg anamupeza ndi matenda a celiac, ndipo madokotala anamuletsa buledi ndi chilichonse chokhala ndi ufa wa tirigu. Anauzidwanso kuti matendawa ndi akumtundu, ndiponso kuti majini a matendawa (tizigawo ta m'thupi timene munthu amatengera kwa makolo) anadziwika pogwiritsa ntchito kompyuta. Ndikupempha odziwa andifotokozere mmene zimenezi zimachitikira, komanso ngati ana anga, amene amakonda mabanzi ndi mandasi, ali pachiopsezo.

Wophunzira wa ku MUST, Ndata: Mayi, ofufuza amatenga DNA (imene imasunga majini m'maselo a thupi) ya anthu odwala ndi ya anthu osadwala, kenako kompyuta imayerekezera magulu awiriwa malo ndi malo kuti ione kusiyana kumene kukupezeka kawirikawiri mwa odwalawo. Mu 2007 gulu la David van Heel ku London linayerekezera malo oposa 300,000, n'kupeza kuti matendawa akugwirizana ndi chigawo cha majini a IL2 ndi IL21 pa chromosome 4 (chromosome ndi chingwe chachitali cha DNA), ndipo pofika 2011 zigawo zotere zinali 39. Komabe chilichonse mwa zimenezi chimangowonjezera chiopsezo pang'ono. Majini aakulu, amene anadziwika kale njirayi isanabwere, ndi a HLA-DQ2 ndi HLA-DQ8 pa chromosome 6, omwe amachititsa kuti chitetezo cha m'thupi chione gluten, puloteni wa mu tirigu, balere ndi rye, ngati mdani, mpaka kuwononga mkati mwa matumbo aang'ono. Kompyuta imangoloza pamene pali chikayikiro. Kutsimikiza kumafuna ntchito ya mu labotale.

Namwino wopuma, Chitakale: Musade nkhawa msanga, mayi. Ku Ulaya pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse ali ndi HLA-DQ2 kapena HLA-DQ8, koma odwala ndi pafupifupi mmodzi pa 100. Chiopsezo chachikulu, cha mmodzi pa 10, chili pa makolo, ana ndi abale a bere limodzi a wodwalayo, choncho woyamba kuyezedwa akhale mchemwali wanuyo. Mwana akamatsekula m'mimba nthawi yaitali, kuchepa magazi kapena kupinimbira, pitani naye kuchipatala, koma musamuletse tirigu asanayezedwe magazi a tTG (kuyeza kofufuza matendawa), chifukwa zotsatira zingaoneke zabwino pamene matenda alipo. Nsima ya chimanga, chinangwa, mpunga ndi mapira zilibe gluten.

Mphunzitsi wa ku Thekerani: Chondidandaulitsa n'chakuti DNA yambiri imene kompyutazo zinawerenga ndi ya anthu a ku Ulaya, motero sindingafulumire kunena kuti ziwerengero zimenezo zikukhudza Mlhomwe kapena Mmang'anja mofanana. Sitinganenenso kuti ndi matenda a azungu okha, popeza kafukufuku wa mu 1999 anawapeza mwa ana oposa 5 pa 100 alionse a mtundu wa Saharawi kumpoto kwa Africa, amene chakudya chawo chachikulu ndi tirigu.