Akaunti ya pa intaneti yomwe akuti ndi yaulere: ingandithandize kuno ku Harare ndi kunja komwe?

Nabanda wa ku Mufakose:

Moni nonse abale. Ndikufuna kutsegula akaunti ya madola yoyendetsera pa foni, mwa zija akumalengeza kuti sadula kanthu pamwezi. Cholinga n'choti ndizilandirirapo ndalama kuno ku Harare, ndiziswaipa m'mashopu, ndipo ndikapita ku Blantyre kapena kukaoda katundu ku Johannesburg ndizitapa komweko, osayenda ndi mpukutu m'chikwama. Pamwezi pamadutsa madola pafupifupi 400. Ndiyang'ane chiyani ndisanavomere? Komanso mwana wa achimwene anga amene ali ku UK akuti ndingotsegula ya kumeneko pa keyala yake. Kodi zimenezo zingayende?

Phiri wa ku Highfield:

Achemwali, akati "yaulere" nthawi zambiri amatanthauza chinthu chimodzi basi: sakudulani ndalama ya pamwezi yosungira akaunti. Ndipo imeneyo si mphatso yaikulu kuno, poti mu Epulo 2024 Reserve Bank of Zimbabwe inalamula kale mabanki kuti asamadule ndalama imeneyi pa akaunti ya munthu yokhala ndi madola 100 kapena kucheperapo. Ndalama zimapita pa kuyenda kwake, osati pa kukhala kwake.

Choyamba pemphani ndandanda wonse wa machaji, wolembedwa, osati zongouzidwa pakamwa. Mufufuzemo zimene amadula mukaswaipa kuno, mukatapa pa ATM yawo ndi ya banki ina, mukatumiza pa ZIPIT (njira yotumizira ndalama ku akaunti ya banki ina kuno), mukatapa kunja, ndi peresenti imene amawonjezera posintha madola kukhala marandi kapena makwacha. Muonenso mtengo wa khadi ikatayika, ndi chimene amadula khadi ikakanidwa chifukwa ndalama zachepa, chifukwa ena amadula ngakhale simunagule kanthu.

Kenako pali msonkho wa IMTT, wodulidwa pa ndalama zoyenda pa khadi ndi pa foni, uja boma linaukweza kufika 2 peresenti mu Okutobala 2018. Umenewu si wa banki, ndiye palibe banki ingaukhululuke. Pa 2 peresenti, madola 400 onse mukawayendetsa pa khadi ndi pa foni, 8 apita ku msonkho, akaunti ikhale yaulere kapena ayi.

Pomwe pamapweteka kwenikweni ndi kunja. Tiyerekeze, ndipo manambalawa ndi achitsanzo chabe, kuti banki yanu imadula madola 3 nthawi iliyonse mukatapa kunja, imawonjezera 3 peresenti posintha, ndipo mwini ATM ku Johannesburg akudulanso marandi okwana madola 3. Mukatapa za madola 200 kamodzi, mwataya 3 ndi 6 ndi 3, pamodzi 12. Mukatapa ndalama yomweyo kanayi, 50 50, mwataya 30, kutanthauza 15 pa 100 iliyonse. Choncho kwa munthu woyenda ngati inu, akaunti yodula madola awiri pamwezi koma yosawonjezera kanthu posintha ndalama ingakhale yotsika mtengo kuposa "yaulere" ija. Ine ndingayambire pamenepo posankha.

Peresenti yosinthirayo ena saionetsa payokha, amaibisa mu mtengo. Kuti muigwire, gulani kanthu kakang'ono ka m'marandi, mugawe marandiwo ndi madola amene achoka pa sitetimenti, muyerekeze ndi mtengo wa tsiku lomwelo pa chowerengera chimene Visa ndi Mastercard ali nacho pa masamba awo a pa intaneti. Kusiyana kwake ndiko kwa banki.

Mayi Chisale, Mabvuku:

Za masamuzo aPhiri anena bwino. Koma mtengo ulibe ntchito ngati khadi ikukana. Khadi ya ZimSwitch yokha, njira ija yolumikiza mabanki a kuno, imathera m'Zimbabwe muno. Yowoloka malire ikhale ndi chizindikiro cha Visa kapena Mastercard, ndipo ikhale yomangidwa ku akaunti ya madola, ija amati nostro, osati ya ZiG, ndalama ya kuno. Funsaninso ngati khadiyo imatenga ndalama mu akaunti mwachindunji kapena ndi ija yoyamba mwaithiramo kaye, chifukwa yothiramoyo ili ndi chaji yake pothira, ndipo mutha kukhala ndi ndalama mu akaunti khadi ili mbee. Ngati akupatsani khadi ya mu app mokha, yopanda pulasitiki, imeneyo ndi yogulira pa intaneti. Mu ATM simungailowetse.

Chimene chimagwetsa anthu ambiri ndi nambala ija amatumiza pa SMS kuti mutsimikize. Imapita pa layini imene munalembetsa, ya Econet kapena NetOne. Basi ikangodutsa Nyamapanda kulowa m'Mozambique, layini yopanda roaming yafa. Mufika ku Mwanza, mugula SIM ya Airtel kapena TNM, muchotsa yakuno, ndiye app ikufuna nambala imene yapita pa SIM ili m'kachikwama. Konzani musananyamuke: yatsitsani roaming mukadali ku Harare, musiyemo mayunitsi pang'ono, mukhale ndi foni ya ma SIM awiri kuti yakuno isachoke. Ndipo musasinthe foni muli paulendo, poti app ikaona foni yatsopano imafuna kukutsimikizaninso kuyambira pachiyambi. Akaunti yabwino ndi imene imalola kutsimikiza mkati mwa app kapena pa imelo. Funso limeneli muwafunse mosapita m'mbali, akakuyankhani mozungulira dziwani kuti ndi SMS yokha.

Mabanki ambiri amatseka khadi kuti isagwire kunja mpaka mwini atatsegula. Muone mu app ngati pali poyatsira ndi poikira malire a patsiku. Ngati mpaka muimbe foni ku ofesi, ndiye Loweruka madzulo muli pa Park Station ku Johannesburg mudzasowa wokuyankhani.

China: ATM kapena makina oswaipira akakufunsani kuti mulipire m'madola kapena m'marandi, sankhani marandi. Ku Malawi sankhani kwacha. Mukasankha madola, amene akusintha ndi mwini makinawo pa mtengo wake, ndipo umakhala woipa kuposa wa Visa kapena Mastercard. Amalemba mokopa, kuti mudziwiretu zimene zichoke, koma ndi pomwe amadyera.

Ku Blantyre kuli vuto lakelake. Mu 2024 pepala lalikulu linali K5,000. Pa mtengo wa ku banki wa mu 2024, pafupifupi K1,750 pa dola, madola 200 anali K350,000, mapepala 70. Makina ambiri satulutsa mapepala oposa 40 nthawi imodzi, ndiye mutapa kawiri, chaji ija ya nthawi iliyonse ilowanso kawiri. Kumene kuli makina oswaipira, kuswaipa kumaposa kutapa.

Mwale wa ku Dzivaresekwa:

Za ku UK zija, mayi, musayerekeze. Maakaunti a pa intaneti a kumeneko amatsegulira munthu wokhala komweko, ndipo a ku America amafunanso nambala ya Social Security ndi keyala ya m'dzikomo. Mukalemba keyala ya mwanayo, mwalemba zabodza pa fomu. Poyamba itseguka bwinobwino, koma makompyuta awo akaona kuti khadi ikungoswaipa ku Harare mwezi ndi mwezi, adzapempha umboni wa kumene mukukhala, ndipo akaunti imaimitsidwa ndalama zili momwemo mpaka mutaupereka. Mwanayo nayenso dzina lake lidetsedwa. Ngati akufuna kukuthandizani, azitumiza pa Mukuru kapena WorldRemit.

Kuno fufuzani kuti ndalama zanu zikugona kuti. App yokongola si banki. Pansi pa tsamba lawo payenera kulembedwa dzina la banki yokhala ndi chiphaso cha Reserve Bank of Zimbabwe, ndipo dzinalo mulipeze pa mndandanda wa mamembala a Deposit Protection Corporation, amene amabweza ndalama mpaka pa malire ena banki ikagwa. Amene anaona mabanki akutsekedwa mu 2004 sadumpha funso limeneli.

Kwa ife ochokera ku Malawi pali kamsampha ka mayina. Chitupa chalembedwa mwina, pasipoti mwina, wina Piri wina Phiri, kapena chitupa chikadali chija chakale cha "alien" pomwe malamulo a dziko a 2013 anapereka unzika kwa obadwira muno amene kholo lawo ndi la dziko la SADC. Pa akaunti ya pa intaneti amene amayerekeza chithunzi cha chitupa ndi zimene mwalemba ndi makina, ndipo chilembo chimodzi chikasiyana amakana. Lembani dzina ndendende monga lilili pa chitupa, ndipo otumiza ndalama alembe lomwelo.

Pang'ono ndisiyane ndi aPhiri: kutapa zambiri kamodzi kumapulumutsa machaji, inde, koma mu Johannesburg musatuluke pa ATM ya pamsewu ndi marandi a madola 200. Tapani mkati mwa banki kapena m'mall, masana, ndipo wina akati akuthandizeni pa makina, dinani Cancel muchoke.

Nabanda wa ku Mufakose:

Zikomo kwambiri nonse, za ku UK ndazisiya. Nanga ATM ya kunja ikadula ndalama koma osatulutsa, poti bankiyo ilibe nthambi yoti ndikadandaule, zimatha bwanji?

Mayi Chisale, Mabvuku:

Musachoke msanga pamakinapo, dikirani mpaka abwerere poyambira, chifukwa ena amachedwa kutulutsa. Tengani lisiti ngati latuluka, jambulani sikirini ndi nambala ya ATM yolembedwa pamakinapo, mulembe tsiku, nthawi ndi kuchuluka kwa ndalama. Musayesenso pa makina omwewo. Nthawi zambiri ndalama imabwerera yokha pakapita masiku ochepa. Ikapanda kubwerera, wodandaulira ndi banki yanu imene inakupatsani khadi, osati eni ATM, iwowo sakudziwani. Lembani pa imelo kuti pakhale umboni, mupemphe nambala ya dandaulo. Malamulo a Visa ndi Mastercard amapereka masiku pafupifupi 120 pa madandaulo ambiri otere, choncho musagone nazo.

Musasokoneze zimenezi ndi ndalama yongogwiridwa. Hotela kapena obwereketsa galimoto amagwira ndalama ina ngati chikole, imaoneka ngati yachoka, ndipo imatha kutenga sabata imodzi kapena kuposerapo isanamasulidwe. Pa akaunti ya madola 400 zimenezo zingakuimitseni kuoda, ndiye chikole perekani kashi ngati akulola.

Akauntiyo iyeseni kaye ndi madola 30, musanasamutsire zonse. Swaipani kamodzi kuno, tumizani pang'ono pa ZIPIT, tapani pa ATM ya banki ina, gulani kanthu ka m'marandi pa intaneti, kenako muwerenge sitetimenti mzere ndi mzere poyerekeza ndi ndandanda uja. Muwalemberenso uthenga Lamlungu muone kuti ayankha pakapita maola angati, komanso ngati woyankhayo ndi munthu. Ulendo woyamba tengani khadi yachiwiri ya banki ina muiike m'thumba lina, ndi madola a kashi okwanira basi yobwerera ku Mbare ndi chakudya cha masiku awiri.