Thanki ya chimbudzi cha m'boti yatsekeka: ndiyambire pati?

Wosamala boti, Monkey Bay:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa amene munagwirapo ntchito pa zimbudzi za m'maboti. Ndimasamala boti lonyamula alendo, ndipo chimbudzi chake ndi chopopa ndi dzanja, chimene chimatumiza zonyansa m'thanki ya pulasitiki imene ili pansi pa bedi la kutsogolo. Masiku ano chogwirira cha pampu chikulimba, ndikachikankhira pansi chikubwerera chokha, ndipo madzi akuda akumabwereranso m'mbale ya chimbudzi. Ndikayatsa macerator, pampu yogaya zonyansa n'kuzitulutsa m'thanki, ikulira bwinobwino koma thanki sikuphwa. Kodi ndithiremo caustic soda monga timachitira ndi masinki a kunyumba?

Makanika wa ku Nkhata Bay:
Achimwene, caustic soda musiyeni kaye, komanso lekani kukakamiza pampuyo. Chogwirira chikamabwerera chokha ndiye kuti m'thanki mwadzaza mpweya umene ukusowa potulukira, ndipo mukapitiriza kupopa mwamphamvu, paipi idzavuka pa kilampu kapena thanki idzang'ambika polumikizira, zonsezo n'kukhuthukira m'boti momwemo.

Yambirani pa kapaipi kotulutsa mpweya, kamene kamachoka pamwamba pa thanki n'kukatulukira m'mbali mwa boti. Paipi ya zonyansa nthawi zambiri imakhala ya mamilimita 38, pamene kameneka kamangokhala ka mamilimita 16 kapena 19, choncho sikachedwa kutsekeka. Thanki ikadzaza mpaka pakamwa, mafunde amakankhira zonyansa m'kapaipiko n'kuumira momwemo, ndipo kuno kwathu boti likakhalitsa padoko, mavu amamanga chisa chadothi pakamwa pake penipeni. Kuti mutsimikize, valani magolovesi, phimbani chitsekerero cha padeki chopopera thanki ndi chiguduli, ndipo mumasule pang'onopang'ono nkhope mutayang'anitsa kumbali. Mukamva mpweya ukutuluka kuti fyii, kenaka pampu n'kufewa, mwapeza vuto. Vulani kapaipiko ku mbali ya thanki, kolokosani kasefa ka kunja, ndipo mutsukemo ndi madzi mpaka adutse bwino. Kapaipi kotsekeka kamalepheretsanso thanki kuphwa, chifukwa zonyansa sizingatuluke pamene mpweya sukulowa m'malo mwake.

Mayi wa ku Senga Bay:
Zimene anena amakanika n'zoona, koma bambo, popeza mumanyamula alendo, ine ndikukayikira kwambiri potulukira pa thanki. Alendo amaponya m'chimbudzi timapepala tonyowa topukutira ana, mapadi ndi thonje, zinthu zimene sizisungunuka ndipo zimakulungana pa mipeni ya macerator. Kulira kwa macerator si umboni wakuti ikukoka. Mkati mwake muli kamphira kozungulira kotchedwa impeller, kamene kamapsa pampu ikayenda youma ngakhale kwa kanthawi kochepa, choncho musamaiyatse nthawi yaitali poyembekeza kuti itsegula yokha.

Ngati matope a zonyansa aumbana pansi, mankhwala ake ndi kuviika. Thirani madzi ofunda ndi sopo waufa ngati m'thankimo mudakali malo, zikhale usiku wonse, ndipo mawa lake muyendetse boti pa mafunde kuti zikhutchumuke. Nyengo ino ya mwera ntchito imeneyi nyanja ikugwirirani yokha. Zikakanika, lowetsani paipi ya madzi pa chitsekerero cha padeki kuti madzi akankhe chotsekacho kubwerera m'thanki, koma muchite zimenezi kapaipi ka mpweya katatseguka kale.

Wosamala boti, Monkey Bay:
Zikomo nonse. Kapaipi ndakapeza kotsekeka ndi dothi, ndipo pampu yafewa. Komabe madzi akubwererabe pang'ono m'mbale. Mnzanga akuti ndilowetse waya m'paipi yaikulu.

Makanika wa ku Nkhata Bay:
Wayayo ndikukana. Amaboola paipi pokhota, ndipo amang'amba joker valve, kamphira kokhala ngati mlomo wa bakha kamene kali potulukira pa pampu, kamene ntchito yake ndi kuletsa zonyansa kubwerera. Mmene mukufotokozeramu, kamphirako n'kamene katha kapena kayasama chifukwa cha mpweya uja, ndipo n'kofunika kungosintha. Mukamasula, suzumiraninso m'paipi: mkodzo umasiya chikhakha cholimba, chotuwa, chimene chimachepetsa njira pang'onopang'ono. Pa nyanja zamchere chimakula msanga kuposa kuno, komabe chimapezeka pamene anthu sapopa madzi okwanira. Chikakhala chopyapyala, viniga amachifewetsa; chikakhuthala, vulani paipiyo, muimenyetse pa doko kuti chiyoyoke, kapena mugule ina. Musasakanize viniga kapena asidi aliyense ndi Jik, chifukwa zimatulutsa mpweya wa chlorine umene ndi woopsa kwambiri m'kachipinda kopanikizika, ndipo mazenera onse akhale otsegula pamene mukugwira ntchito, pakuti mpweya wa m'thanki momwemo umatha kukomola munthu.

Mayi wa ku Senga Bay:
Ndiwonjezepo chinthu chimene chimandikhudza mtima. Thanki ikatseguka, chonde musakhuthulire m'nyanja, makamaka pafupi ndi gombe pamene amayi amatunga madzi ndi kutsuka mbale, ana akusambira pomwepo. Tonse tikukumbukira mmene kolera ya 2022 ndi 2023 inasautsira maboma a m'mbali mwa nyanja, monga Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay. Itanani galimoto yopopa zimbudzi ifike padoko, kapena mupopere m'migolo yotseka bwino n'kukathira mu septic tank kumtunda. Mukamaliza, mutsuke thankiyo ndi madzi oyera mpaka otuluka ayere, ndipo muike kabini ka zinyalala kotseka pambali pa chimbudzi kuti alendo azitayamo zimene siziyenera kulowa m'paipi.