Za hatchi ija inkatsimphina: tapeza chomwe chinavuta

Abale, ndabweranso. Ndine uja ndimasamala mahatchi pafamu ina kuno ku Free State, ku South Africa, amene ndinafunsa chifukwa chake dokotala wa ziweto anachotsa hatchi yathu pampikisano wa makilomita 80, chikhalirecho kugunda kwa mtima wake kunali kutatsika kale pansi pa malire a ka 64 pamphindi. Zikomo nonse amene munayankha.

Ambiri munati dokotala sayang'ana mtima wokha. Amaithamangitsa pang'onopang'ono mamita 40 kupita, 40 kubwerera, ndipo ikamatsimphina mosalekeza, basi yatuluka. Achimwene ena anati ndiithamangitse pamalo olimba, ndione mutu. Ndinatero pamsewu wa miyala kuseri kwa khola. Mwendo wakutsogolo wakumanzere ukaponda, mutu unkakwera. Wakumanja ukaponda, mutu unkatsika, kusonyeza kuti wakumanzerewo ndiwo unkapweteka. Pa udzu zimenezi sizinkaoneka n'komwe, n'chifukwa chake ine ndinkakana.

Tinaitana wokhoma zitsulo za kuziboda. Atachotsa chitsulo n'kutsina chiboda ndi chopanira chake, hatchi inadzidzimuka. Msomali umodzi unalowa pafupi kwambiri ndi mnofu, mafinya anali atayamba. Tinkaviika chibodacho m'madzi ofunda a mchere, n'kumanga, ndipo inapuma milungu itatu.

Amene munati ndingoipatsa mankhwala opha ululu, pepani, sindinatsatire. Pampikisano amaletsa, komanso akanangobisa vuto.

Loweruka lapitali yadutsa macheke onse. Panopa zitsulo timakhoma kutatsala sabata yathunthu, osati dzulo lake la mpikisano. Abwana ayambanso kukamba za mpikisano waukulu wa mahatchi wa m'tauni ya Fauresmith, womwe umachitika mu Julaye.