Mayi akukalowera chaka ku London, avale chiyani?

NyaGondwe, Katoto:
Abale, mayi anga akupita ku London pa 20 Disembala. Avale chiyani? Nanga mapemphero ochezera a pa 31 achite bwanji, poti samawaphonya?

Bambo Mhango:
Mayi NyaGondwe, musayerekeze ndi chisanu cha Mzuzu cha mu Juni. Uko usiku kumatsika mpaka madigiri 2 kapena 3, ndipo dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane. Avale zitatu zosanjikiza: chamkati chogwira thupi, juzi, kenako jekete losalowa madzi. Chijasi chimodzi chokhuthala chimavuta, chifukwa m'basi ndi m'tchalitchi mumafunda. Munthu amatuluka thukuta, akafika panja n'kuyamba kunjenjemera. Masokosi akhale a ubweya.

Mayi Phiri:
Malawi ili patsogolo ndi maola 2. Inu mukamalowa chaka, kwa iwo ndi 10 koloko usiku. Aimbireni pa WhatsApp nthawi imeneyo, muwerenge limodzi Salimo 90, lija la kuwerenga masiku athu, muwapempherere asananyamuke kupita kutchalitchi. Mipingo yambiri ya Aafirika ku London imachezera, koma afunsiretu za kabweredwe, misewu ya pafupi ndi London Eye, chigudumu chachikulu chokwera anthu chapakati pa mzindawo, imatsekedwa chifukwa cha makombola.