Ndikufuna ulusi wa thonje wolukira shawelo ya mwana wakhanda

Moni nonse amayi ndi abambo a m'gulu lino. Ndikulemba kuchokera ku Nchalo m'boma la Chikwawa, ndipo ndikupempha nzeru pa shawelo yomwe ndikulukira mdzukulu wanga amene akuyembekezeka kubadwa mu Okutobala, mwezi umene kuno kuchigwa kumatentha kwambiri.

Ulusi wolukira umene ndaupeza ndi wa acrylic wokha, uja wopangidwa kuchokera ku pulasitiki. Ndinaulukirapo kachipewa ka mwana wa mchemwali wanga, koma atangovala kanthawi kochepa mutu wonse unanyowa ndi thukuta mpaka mayi ake anamuvula. Ndafunsa m'masitolo a pa Nchalo ndi pa Ngabu, dera lomwe timalima thonje, koma wa thonje ndaupeza wosokera zovala basi. Ndinayesa kuuphatikiza zingwe zinayi n'kuluka ndi singano ya ngowe ya mamilimita 3, koma umapotana ndipo choluka chikuuma ngati chiguduli. Ndinamasulanso juzi ya pakaunjika, ulusi wake unangoduka paliponse.

Kodi ku Limbe kapena ku Blantyre ungapezeke kuti ulusi wa thonje wofewa, ndipo shawelo imodzi imafuna mipukutu ingati? Nanga inu amene munaulukirapo, umafupika ukachapidwa koyamba, kuti ndiwonjezeretu mizere?