Ndilembe "last week" kapena "in the last week"?

Anzanga odziwa Chingerezi, ndithandizeniko pano. Ndimagwira ntchito m'sitolo ya zipangizo zomangira nyumba, ndipo Lachisanu lililonse ndimalemba lipoti la malonda lopita kwa abwana. Lachisanu lapitali ndinalemba kuti "We sold 40 bags of cement last week", ine m'mutu mwanga ndikunena za masiku 7 apitawo kudzafika tsikulo. Abwana anandiimbira foni n'kundifunsa chomwe ndabwezera ziwerengero zakale. Akuti "last week" ndi sabata yomwe inatha kale, koma ukafuna kuwerenga chobwerera kuyambira lero umati "in the last week". Zoona kamawu kakang'ono chonchi n'kumasuntha masiku?

Nanga "in the past week", ndi chimodzimodzi kapena pali kusiyana? Mneni wakenso akundisokoneza. Kusukulu tinaphunzira kuti "last week" amayenda ndi "sold", osati "have sold". Ndiye ziwiri zinazi zikufuna uti?

Pomwe pandivuta kwambiri ndi pa "recently" ndi "lately". Kwathu kuno zonse timangoti posachedwapa, basi. Koma nditanena kuti "I bought it lately", mnzanga wa muofesi anaseka, akuti "lately" amafuna chinthu chomwe chakhala chikuchitikachitika, osati chochitika kamodzi. Akunena zoona?

Za "just now" ndangozisiya kaye, poti achimwene anga a ku Johannesburg amawanena potanthauza nthawi ina kutsogoloku.

Lipoti lina likufunika Lachisanu likubwerali. Mukandipatsa zitsanzo za ziganizo mundithandiza kwambiri.