Usipa wanga wa m'mapaketi wabwezedwa, nditani?

Mayi a ku Makawa: Anzanga a geni ya nsomba, ndigawireniko nzeru. Kuyambira chaka chatha ndimalongedza usipa wofutsa m'mapaketi a magalamu 200, dzina langa lili pamwamba. Masitolo awiri a ku Zomba amatenga sabata iliyonse. Lolemba lapitali mwini sitolo ina wandibwezera katoni yathunthu. Mapaketi ena achita thukuta mkati, nsomba zayamba nkhungu pamimba, ndipo akuti kasitomala wina anadandaula mchenga m'mano. Manyazi andigwira. Kodi ndingosintha dzina pa paketi n'kuyambiranso?

Achimwene a ku Msaka: Pepani mayi. Ndifunse kaye: usipa wa m'katoni imeneyo munaumitsa nokha?

Mayi a ku Makawa: Ndisaname, ayi. Inali nthawi yoti mwezi ukuwala, asodzi a makoka a chilimira akungobwerako ndi tindowa tochepa. Ndinagula wouma kale kwa anthu atatu padoko kuti oda isalephereke.

Achimwene a ku Msaka: Nkhani yagona pamenepo. Mwezi ukawala usipa subwera ku nyali, tonse timavutika. Koma inu munaika dzina lanu pa nsomba yomwe simunaione ikuyanikidwa. Mmodzi mwa atatuwo anayanika pansi, mchengawo wachokera kumeneko.

Agogo a ku Malembo: Mwanawe, za mchenga zamveka, ine ndinene za thukutalo. Usipa umanyenga. Kunja umaoneka wouma gwaa, pamimba pakadali chinyezi, makamaka ukakhala wonona. Kumsika pa mulu zilibe kanthu chifukwa mphepo imapita, koma pulasitiki sapuma. Ine ndisanalongedze ndimatenga nsomba zazikuluko m'dengu, osati zapamwamba zokha, ndapisa dzanja mpaka pansi, n'kuzithyola pakati. Ikathyoka mosavuta, yauma. Ikapindika ngati chingwe, ibwerere pa thandala. China, musamate paketi nsomba ikadali yotentha ndi dzuwa. Dzuwa la kuno mukulidziwa, mukaanula masana n'kumata pomwepo, usiku paketi imalira misozi mkati. Muziyala pamthunzi zizizire kaye. Ndipo makatoni asagone padenga la minibasi dzuwa lili phwee kuchoka pa Mangochi Boma mpaka ku Liwonde, mafuta a usipa amasintha fungo.

Mnyamata wa pa Boma: Agogo mwanena zoona, koma tisamunamize mayiyu kuti azikana maoda. Ukauza wa sitolo kuti sabata ino ndilibe, malo ako pa shelefu amapatsa wina, sabwereranso. Kugula kwa anzathu si tchimo. Ine ndimagula wauwisi m'mawa ngalawa zikamafika, kutsuka ndi madzi oyera, kufutsa ndi kuyanika ndekha. Ukavuta wauwisi ndili ndi amayi awiri okha omwe ndinakaona mathandala awo ndi maso anga, ndipo ndimawaonjezera pamtengo kuti asandisakanizire ndi wa dzana.

Achimwene a ku Msaka: Pamenepo tikugwirizana. Ndionjezere kuti muzilemba tsiku lolongedza ndi kachilembo ka amene wakupatsani nsomba kuseri kwa paketi iliyonse, ngakhale ndi cholembera chabe. Mukanatero bwenzi lero mukudziwa kuti mwa atatu aja wolakwa ndani, osataya katoni yonse. A bungwe loona za ubwino wa katundu la Malawi Bureau of Standards mukadzawapitira kufuna chiphaso, za masiku ndi za malo okonzera chakudya adzakufunsaninso, ndiye ndi bwino kuzolowereratu.

Che wa ku Malindi: Za kusintha dzinazo iwalani, mayi. Wa sitoloyo nkhope yanu akuidziwa, nambala yanu ali nayo, mubisala kuti? Ndiponso amene ankagula chaka chonse osadandaula akusaka dzina lomwelo. Pitani nokha, osatuma mwana. Mutengere katoni ina yabwino yolowa m'malo, mutsegule paketi imodzi pamaso pake, athyole nsomba yekha. Muone ngati pa shelefu patsala mapaketi a ulendo womwe uja, muwachotse onse, ndi ku sitolo inayonso ngakhale sanadandaule.

Mayi a ku Makawa: Ku sitolo inayo sindinaganizeko n'komwe, ndipo kunapita mapaketi 30 a tsiku lomwelo. Ndiimba lero lino kuti awaike pambali, ndipita Lachisanu. Agogo, mvula ikayamba mathandala anga amanyowa. Tenti yoyanikira nsomba ija ya kwanuko, munthu wapadera amaloledwa kubwereka malo?

Agogo a ku Malembo: Ndikafunsa a komiti mawa. Koma ubwere ndi madengu ako, athu ndi ochepa.